Liwu lachingelezi loti "can" m'Chifinishi: voida, osata, pystyä, jaksaa, ndizisiyanitsa bwanji?

mlongo_waku_Tampere:

Moni nonse amene muli kuno ku Finland. Masana ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Tampere, madzulo ndimaphunzira Chifinishi pokonzekera mayeso a boma a chilankhulo otchedwa YKI. Chandizunguza mutu ndi kaliwu kachingelezi koti "can". Ndikakafufuza mu dikishonale ndimapeza voida, osata, pystyä, saada, pansi pake palinso tölkki. Tölkki ndilibe nayo vuto, ndi chitini cha zakumwa chija timakabweza kusitolo makina n'kutipatsa masenti 15. Koma enawo ndi amene andivuta.

Pali agogo ena aakazi kuntchito kwathu. Ndikawauza kuti tiyeni tikawongole miyendo, tsiku lina amati "en jaksa", tsiku lina "en pysty". Foni yanga zonse ziwiri imangomasulira kuti sangathe. Koma ine ndikawayang'ana kumaso ndimaona kuti sakunena chinthu chimodzi. Ndimayenera kulemba mu lipoti la tsikulo mmene aswerera, ndiye sindikufuna kulemba zosiyana ndi zimene akutanthauza. Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

Malume_a_ku_Oulu:

Achemwali, maso anu sanakunamizeni. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pa ntchito yanuyo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Poyamba lekani kudzera ku Chingelezi. Mfinishi akamanena kuti chinthu sichitheka, mneni amene wasankha amakhala wanena kale chomwe chamulepheretsa. Ndiye mukamva wina akukana, muzidzifunsa kuti chamugwira n'chiyani: kutopa, matenda, lamulo, nthawi, kapena manyazi?

Jaksaa ndi nkhani ya mphamvu. Agogo akati "en jaksa" ndiye kuti atopa, kaya thupi kaya mtima. Mwina usiku sanagone, mwina akungomva kulefuka. Mukhoza kuwasiya apumule n'kudzayesanso akamwa khofi wa masana. Koma akamanena mawuwa tsiku ndi tsiku, chakudya n'kumachisiyanso, lembani, chifukwa kukhumudwa kwa okalamba kumabisala m'mawu amenewa.

Pystyä ndi kukanika kwenikweni. Mtima ukufuna koma mwendo ukukana, kapena akumva chizungulire. Agogo amene dzulo amayenda bwinobwino akakuuzani lero kuti "en pysty kävelemään", kutanthauza kuti sangathe kuyenda, musadikire lipoti la madzulo, pitani mukauze nesi pompo. Muonenso kamangidwe kake, mudzakafuna pa mayeso: timati jaksan kävellä, koma pystyn kävelemään. Pystyä amakoka mchira wa -maan kapena -mään pa mneni wotsatira.

Osata ndi luso lochita kuphunzira: osaan uida, ndimatha kusambira, osaan suomea, ndimadziwa Chifinishi. Saada ndi chilolezo. Musanalowe m'chipinda cha agogo mumagogoda n'kunena "saanko tulla?", ngati mmene timachitira odi kwathu. Mukaona "ei saa" pachikwangwani dziwani kuti n'zoletsedwa.

Pali lina limene dikishonale sikupatsani pansi pa "can", koma kuntchito kwanu mudzalimva: kehdata. "En kehtaa" ndiye kuti manyazi andigwira. Okalamba ambiri kuno anakula akudzichitira okha chilichonse, ndiye kupempha munthu kuti awaperekeze kuchimbudzi kumawalemera. Wina akati "en kehtaa pyytää apua", akutanthauza kuti thandizo akulifuna koma akuchita manyazi kulipempha. Ameneyo musamudikire aimbe belu, muzimuyendera nokha.

kamtsikana_ka_Espoo:

Malume afotokoza bwino, koma ine ndikuopa kuti achemwaliwa achita mantha kutsegula pakamwa poganiza kuti asankha mneni wolakwika. Kumva muyenera kumva onsewo, inde. Koma polankhula, voida amakupulumutsani malo ambiri. "Voinko auttaa?", ndingathandize? "Voitko odottaa?", mungadikire? "En voi tulla huomenna", mawa sinditha kubwera. Palibe angakudabweni. Pomwe voida sagwira ndi pa luso basi, pamenepo osata ndi wosathawika.

Voida yemweyo ndi amene timafunsira moyo: "Miten voit?" Kwa agogo amene simunazolowerane nawo mukhoza kulemekeza ndi "Miten voitte?"

Awiri ena oti muwadziwe. Ehtiä ndi nthawi: "en ehdi", sindipeza mpata, ntchito yandichulukira. Taonani t wasanduka d, musadabwe mukamafufuza ehdi osamupeza. Viitsiä ndi wofunika kusamala naye. "En viitsi" amamveka ngati ndilibe nazo chidwi, ndikuchita ulesi, choncho kwa abwana musayerekeze. Koma mukautembenuza kukhala funso, "viitsitkö sulkea oven?", umakhala pempho laulemu loti munthu atseke chitseko.

Komanso anzanu akuntchito sadzanena "minä en jaksa" ngati m'buku. Mudzamva "emmä jaksa", mawu atamezedwa. Siyani dikishonale ya Chingelezi, muzitsegula Kielitoimiston sanakirja ya bungwe la Kotus, ndi yaulere pa intaneti ndipo ili ndi ziganizo zachitsanzo. Nkhani za wailesi ya Yle za m'Chifinishi chosavuta zimathandizanso khutu. Pa YKI, ngati cholinga ndi unzika, mukufunika gawo 3.

bambo_a_mapasa_Rovaniemi:

Mwaiwala limodzi, lofunika kuno kumpoto: tarjeta, kutha kupirira kuzizira. Aphunzitsi a kusukulu ya mkaka amafunsa ana anga asanatuluke panja kuti "tarkenetko?", kutanthauza kuti zimene wavalazo zikukwanira, suzizidwa? Mukamatulutsa agogo panja pa njinga yawo ya olumala mu Januwale, muziwafunsa funso limeneli. Akati "en tarkene", onjezerani bulangete kapena bwererani nawo m'nyumba.

mlongo_waku_Tampere:

Zikomo kwambiri nonse. Malume, zija za "en pysty" ndakambirana ndi nesi wathu lero, ndipo wati ndizilemba mawu enieni amene agogo anena m'Chifinishi momwemo, osawasintha. Funso lina laling'ono: ndikamalowa shifiti ya usiku anzanga amandiuza kuti "jaksamista". Kodi likuchokera ku jaksaa yemweyu? Ndiziyankha chiyani?

Malume_a_ku_Oulu:

Eya, ndi yemweyo. Akukufunirani mphamvu zoti mufike nazo m'mawa. Amauzanso munthu amene ali pa maliro kapena amene akudwazika matenda. Yankhani kuti "kiitos", zikomo, ndipo ngati nayenso akutsala pa ntchito, "kiitos, samoin", zikomo, inunso chimodzimodzi.