Za standard form zija: tsopano zikuyenda

Ndabweranso pa funso langa lija. Ndinafunsa chifukwa chake mtunda wochoka pa dziko lapansi kukafika ku dzuwa, pafupifupi makilomita 150,000,000, umalembedwa 1.5 × 10⁸ mu standard form (njira yolembera manambala mwachidule) chikhalirecho maziro ake alipo 7 okha. Zikomo nonse amene munayankha, makamaka aphunzitsi aja amene anandiuza kuti ndisiye kuwerenga maziro.

Chowerenga ndi malo amene kadontho ka desimali kasuntha. Nambala yakutsogolo iyenera kukhala 1 kapena kupitirira, koma isafike 10. Ndiye pa 150,000,000 kadontho kamachoka kumapeto n'kukaima pakati pa 1 ndi 5. Kadumpha malo 8: maziro 7 aja kuphatikizapo 5. N'chifukwa chake 15 × 10⁷ aphunzitsi amaikana, ngakhale kukula kwake n'kofanana.

Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti kugawa kumapepuka. Kuwala kumathamanga pafupifupi mamita 3 × 10⁸ pa sekondi, ndipo mtunda wa dzuwa uja m'mamita ndi 1.5 × 10¹¹. Kuti mupeze nthawi imene kuwala kumatenga, gawani mtunda ndi liwiro. Gawani 1.5 ndi 3, mupeza 0.5. Pa timanambala tapamwamba pa 10 tija, chotsani 8 pa 11, patsala 3. Yankho ndi 0.5 × 10³, lomwe timalikonza kukhala 5 × 10², masekondi 500. Kutanthauza kuti kuwala kwa dzuwa kumatipeza patapita mphindi 8 ndi masekondi 20!

Kakyuleta ya pafoni ikakuonetsani 1.5E8 musadabwe, E8 ija ikuimira "× 10⁸". Panopa ndikulimbana ndi manambala ang'onoang'ono ngati 0.00042, omwe ndi 4.2 × 10⁻⁴. Amene muli ndi mafunso oyeserera a mtundu umenewu, chonde nditumizireni.