Kodi kufinya fayilo kungationetse ngati manambala abwera mwachisawawa?

Wofunsa:
Ndili ndi kachipangizo kotulutsa 0 ndi 1, ndipo kayenera kuchita ngati munthu amene akuponya ndalama yachitsulo. Ndinalemba zotuluka miliyoni imodzi m'fayilo, ndinaifinya ndi gzip, pulogalamu yochepetsa kukula kwa mafayilo, ndipo inachepa kwambiri. Ndinamva kuti zinthu zobwera mwachisawawa sizifinyika. Kodi kachipangizoka kali ndi vuto?

Yankho loyamba:
Musafulumire kukaweruza. Ngati munalemba 0 ndi 1 monga zilembo, chilembo chilichonse chinatenga ma bit 8 pomwe chimanyamula bit imodzi yokha (bit ndi 0 kapena 1 mmodzi), choncho gzip inangochotsa malo owonongekawo. Longedzani zotuluka zisanu ndi zitatu mu byte imodzi, imene ndi ma bit 8, kenako mufinyenso.

Ikachepabe, pamenepo muli ndi umboni wamphamvu, ndipo chifukwa chake n'chongowerengera. Mizere ya ma bit yaifupi ndi yochepa kuposa yaitali, kotero kuti pa mizere yonse ya utali wofanana, imene ingafupike ndi ma bit oposa 10 sifika ngakhale umodzi pa mizere 1,024 iliyonse, kaya mugwiritse ntchito pulogalamu yofinyira iti, bola isataye kanthu. Bit iliyonse yowonjezera imene mwapulumutsa imadula pakati mpata woti zangochitika mwangozi.

Yankho lachiwiri:
Ndikuvomereza, koma mbali inayo ndi imene imasokoneza ambiri. Fayilo ikakana kufinyika, simunatsimikize kanthu. Katswiri wa masamu Andrey Kolmogorov, mu 1965, anayeza kuvuta kwa mzere ndi utali wa pulogalamu yaifupi kwambiri imene ingautulutse, ndipo Ray Solomonoff ndi Gregory Chaitin anafika pa ganizo lomwelo aliyense payekha. Chovuta n'chakuti palibe pulogalamu imene ingawerengere utali umenewu pa mzere uliwonse. Zimene gzip imakupatsani ndi malire a pamwamba chabe a utaliwo: pulogalamu yaifupi kuposa pamenepo ikhoza kukhalapo.

Tengani nambala ya pi (3.14159...), muilembe mu ma bit. Kapulogalamu ka mizere yochepa kangatulutse mamiliyoni a ma bit amenewo, komabe gzip singawachepetse, pakuti imasakasaka zobwerezabwereza m'ma kilobyte 32 amene yangodutsa kumene komanso zizindikiro zopezeka kawirikawiri kuposa zinzake. Dongosolo la mtundu wina gzip siliona ayi.

Wofunsa:
Zikomo nonse awiri. Ndalongedza monga mwanenera, ndipo tsopano fayiloyo yakula pang'ono m'malo mochepa.

Yankho loyamba:
Zimenezo n'zoyembekezereka, chifukwa gzip imawonjezera ma byte ochepa akeake kumayambiriro kwa fayilo iliyonse. Yesaninso ndi bzip2 ndi xz, mapulogalamu ena ofinyira amene amagwira madongosolo ena. Ngati mukukayikira kuti kachipangizoko kamakondera 1, pangani njira yanuyanu yofinyira yotengera kukonderako, koma muwerengere pamodzi ma bit ofotokozera njirayo ndi ma bit a zotulukazo. Umu ndi mmene katswiri wina, Jorma Rissanen, anakhazikitsira mu 1978 mfundo yosankha kafotokozedwe kakafupi kuposa onse, ndipo ganizo lanu la kukondera lidzaima pokhapokha chiwerengero chonsecho chitsike pansi pa ma bit miliyoni imodzi.