Msungichuma wasamutsidwa, ndalama zatsekeka ku banki, koramu sikukwana

Mlembi wa gulu:
Anzanga, mutu waima. Kagulu kathu ka ogwira ntchito za umoyo wa ana kuno ku Eastern Province ya Zambia, kaja tinayambitsa kuti tizichitira limodzi ma CPD (maphunziro oonjezera luso pa ntchito), kafika pothina. Msungichuma anamusamutsira ku Copperbelt, ndipo osaina ku banki ndi iyeyo ndi apampando basi. Ndapitako kawiri, akuti bweretsani maminitsi a AGM (msonkhano waukulu wapachaka) osonyeza kuti mwasankha wosaina wina. Kutsegula malamulo a gulu, koramu (chiwerengero chofunika kuti msonkhano uvomerezeke) ndi magawo awiri mwa atatu a ma full member, ndipo full member ndi dokotala wa ana wa digiri ya ukatswiri ya MMed yekha. Otere analipo asanu. Awiri anasamuka, mmodzi ali kusukulu kunja. Ife ma CO (clinical officer), ma ML (medical licentiate) ndi anamwino tilipo oposa makumi atatu, timasonkha chaka ndi chaka, koma ndife ma associate, sitivota. Ndalama za maphunziro a HBB (Helping Babies Breathe, kuthandiza makhanda kupuma akangobadwa) zili mu akaunti yomweyo. Nditani?

ML wa ku Petauke:
Ndinanena kalekale. Pitani mukalankhule ndi a Zambia Paediatric Association, bungwe la madokotala a ana, mupemphe kukhala nthambi yawo. Kagulu kodziimira pakokha n'kachiyani?

Asisita a ku KMC (Kangaroo Mother Care, kosamalira ana obadwa masiku asanakwane):
Amlembi, malamulowo analemba ndani? Ndikufunsa chifukwa athu a gulu la azamba tinachita kukopera pa intaneti usiku umodzi. Patapita zaka ziwiri m'pamene tinaona kuti muli ndime yonena za "madera khumi", pamene tonse timakwana mu minibasi imodzi. Tinaseka mpaka misozi, koma pokonza tinatuluka thukuta.

Adokotala opuma, Katete:
Mwana wanga, lamulo loti akatswiri okha ndiwo azivota silinabwere mwangozi. Mabungwe akuluakulu anayambira pamenepo. American Academy of Pediatrics inayamba mu 1930 ngati bungwe la madokotala a ana, ndipo ili ndi nthambi m'zigawo zake, iliyonse ndi komiti yakeyake. Ku Britain bungwe lawo linayamba mu 1928, n'kudzakhala Royal College mu 1996, ndipo oyang'anira chuma ndi nkhani za malamulo ndi ma trustee. Iwowo cholinga n'choti akamayankhula za kachiritsidwe ka ana, mawu achokere kwa akatswiri. Komatu kumeneko mamembala ndi zikwizikwi. Inu mwavala jekete la munthu wamkulu, manja akukwekwereza pansi. Kuno mwana wa malungo akakomoka usiku ku Vubwi kapena ku Chadiza amayamba kumuona ndi CO kapena namwino, ndiye gulu lowamana voti likuimira yani?

Koma musanasinthe kalikonse werenganinso bwino. Kusamutsidwa si kutuluka m'gulu. Ngati awiri aja analipira chaka chino, akadali mamembala. Onani ngati mwalembedwa kuti munthu ayenera kukhalapo ndi thupi. Ngati ayi, aitaneni pa Zoom, anayi akwana. Onaninso ngati muli ndime ya msonkhano woimitsidwa, malamulo ambiri amati kachiwiri amene abwera ndiwo koramu.

ML wa ku Petauke:
Zonsezi sizikanakhalapo mukanakhala nthambi.

CO wa ku Lundazi:
Chimodzi chokha, chonde musalembe maminitsi a msonkhano umene sunachitike. Wina akuuzani kuti "ingosainitsani, ndani adziwe". Kwathu kagulu kena kanatero. Mmodzi amene dzina lake linalembedwa kuti analipo, tsikulo anali pamaliro kumudzi, mudzi wonse ndi mboni. Atakangana pa nkhani ya ma alawansi anakaulula yekha. Akaunti inatsekedwa, anthu mpaka lero sapatsana moni pa khonde la OPD, koonera odwala osagonekedwa. Ndipo kumbukirani satifiketi yanu ya HPCZ (bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo) ndi imene mumadyera, musaiike pachiswe chifukwa cha ndalama za tiyi ndi mabanzi.

Asisita a ku KMC:
Komanso ngati munalembetsa kwa Registrar of Societies, mukasintha akomiti kapena malamulo muyenera kuwadziwitsa. Ma annual return, malipoti a pachaka aja, munkapereka? Funsani msanga, chifukwa a banki ena amafuna kalata yochokera kumeneko, osati maminitsi okha. Nanga ma point a CPD a ife anamwino? Ife tili pansi pa Nursing and Midwifery Council, osati HPCZ, ndiye pokonza malamulo atsopanowo mutikumbukire. Tatopa kumangoitanidwa kudzakonza mipando ndi kulemba rejisita.

Mlembi wa gulu:
Za ma return sindikudziwa, mafayilo onse anali m'kabati ya msungichuma, kiyi anapita nayo. Ndime ya msonkhano woimitsidwa mulibe, ndayang'ana katatu.

ML wa ku Petauke:
Mwaona? Nthambi. Lusaka ndi ulendo wa tsiku limodzi pa msewu wa Great East, simufa nawo.

CO wa ku Lundazi:
Achimwene, nthambi nthambi, kodi mwawafunsa ngati malamulo awo amalola? Ndipo ngakhale alole mawa, ndalama zili ku bankizo zituluka bwanji? Gululi kuti lithetsedwe pafunikanso koramu yomweyo. Mukayamba kukokera uku ndi uku, mapanga awiri avumbwitsa.

Adokotala opuma, Katete:
Kabatiyo musathyole muli nokha. Pakhale apampando ndi mboni ziwiri, mulembe chilichonse chimene mwapezamo, ngakhale risiti yong'ambika. Ine ndinathyolapo yotere ndili ndekha, buku la malisiti linali litadyedwa ndi chiswe, ndipo kwa chaka chathunthu anthu ankandiyang'ana ngati chiswecho ndine.

Mzamba wa ku Mambwe:
Pepani kulowerera. Poti HBB yaimayo, chidole chophunzitsira chija ndi ma Ambu bag ang'onoang'ono opopera mpweya zili kwa ndani? Tili ndi anamwino atsopano atatu, ndikufuna ndiwaphunzitse Child Health Week isanatipanikize.

Asisita a ku KMC:
Chidole chili kwa ine, koma chikudontha madzi pakhosi. Mutumize munthu Lachisanu, abwere ndi selotepi.