Mawu a pa chiliza cha agogo

Malume (Chiradzulu): Mwaswera bwanji nonse? Mmisiri wamaliza kumanga chiliza cha amayi, chatsala ndi mwala wolembapo mawu. Akufuna timuuze pofika Lachisanu. Tilembepo chiyani?

Mdzukulu (Lilongwe): Malume, bwanji tingolemba "Usani mumtendere" ngati ziliza zinazi?

Mayi aakulu (Zomba): Ayi mwanangu, mawuwo si oipa, koma akuchepa. Ine ndinawadwazika amayi miyezi itatu. Usiku ululu ukakula ankandiuza kuti nditsegule 1 Atesalonika 4, kuyambira ndime 13 mpaka 18. Ndikafika pa lipenga la Mulungu, pamene akuti akufa mwa Khristu adzayamba kuuka, ankandigwira dzanja n'kunena kuti "bwerezanso pamenepo." Sankalankhula ngati munthu wopita kosabwerera ayi. Mwalawo unene zimene eni ake ankayembekezera.

Achimwene (Johannesburg): Amayi aakulu, mwandigwetsa misozi ndili pantchito. Maliro aja sindinabwere, mpaka lero zimandiwawa.

Mayi aang'ono (Blantyre): Pepa mwanangu, udzawaona. Ife ku Seventh Day timaphunzira kuti akufa ali mtulo mpaka Yesu adzabwere. Ndikudziwa kuti achemwali ku CCAP mumati mzimu wawo uli kale kwa Ambuye. Tisakanganepo pa mwala wa amayi. Zoti manda adzatseguka tonse timavomereza.

Mayi aakulu: Zoona achemwali. Ndi chifukwa chake ndikufuna ndime 16 yomweyo. Palibe amene angaikane.

Malume: Ndime yonse siikwana, mwalawo ndi waung'ono, komanso mmisiri akuwerenga mtengo pa chilembo chilichonse. Nanga tikati: "Akufa mwa Khristu adzayamba kuuka. 1 Atesalonika 4:16," pansi pa dzina ndi zaka zawo?

Achimwene: Zikhale choncho malume. Za zilembozo ndilipira ine, nditumiza pa Mukuru mawa.

Mdzukulu: Ndagwirizana nazo. Nanga tsiku lotsegulira chilizachi?

Mayi aang'ono: Chonde lisakhale Loweruka, ndi Sabata kwa ife.

Malume: Ndimaganiza za 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Ndi holide, mvula imakhala isanayambe, msewu wa kumanda ukadali wouma. Wina aone pa kalendala kuti likugwa tsiku lanji. Ine ndikawadziwitsa amfumu ndi adzukulu akumanda.

Mayi aakulu: Abusa ndikalankhula nawo ine. Amayi a Mvano anena kale kuti abwera ndi yunifomu, poti amayi anali mmodzi wa iwo. Achemwali, a Dorika anunso abwere, tidzaimbire limodzi.

Mayi aang'ono: Abwera. Koma ulaliki usadzakhale wotiliritsanso, tinalira kale. Abusa adzawerengenso 1 Akorinto 15:52, ana amve kuti thupi limene tinaika lija lidzauka losavunda.

Malume: Chabwino. Nyumba iliyonse K30,000 ya mpunga, ndiwo ndi nkhuni, pa Airtel Money kapena Mpamba. Amene watumiza alembe pano.