Gulu la banja: zojambula agogo akusimba za Ndirande wakale

Malume aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Ija ya Disembala tiimange tsopano, masiku akutha. Abambo akukwanitsa zaka 80 ndipo ine sindikufuna tingokumana, kusangalala n'kumwazikana. Tiwakhazike pansi asimbe za Ndirande mmene anamupezera, ana ajambule pa foni.

Mayi aang'ono: Mwanena zoona achimwene. Tsiku lina ankandiuza za phiri, kuti linali ndi mitengo yothithikana moti mwana sankalowamo yekha. Inatha m'ma 1990 ife tikuona. Ana athuwa akaliona lili mbee amayesa linalengedwa choncho.

Msuweni wa ku Mzuzu: Ine ndavomera. Nanga DJ tiitane? Ndili naye mnzanga ku Chirimba ali ndi zimasipika zabwino

Amayi: Ayi mwanangu, DJ asabwere. Agogo ako makutu ayamba kuvuta, phokoso likachuluka amangokhala chete. Tikufuna iwowo ndiwo amveke.

Malume a ku Joni: Nyimbo ndibweretsa ine pa fulashi, tiziika motsitsa. Ndasonkhanitsa za a Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald a ku Chileka, za a Robert Fumulani, ndi za a Allan Namoko. Abambo akangomva banjo ya a Namoko nkhani zimabwera zokha, simuchita kuwafunsa.

Amayi: Eya, yambirani pa wailesi pomwepo. Inu ana simungamvetse. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999 ife tili akuluakulu kale. Nthawi ya sewero la Kapalepale ikakwana pakhonde pathu pankadzaza, oyandikana nawo amene analibe wailesi ankabwera ndi mipando yawo. Mwana ukangoyankhula unkathamangitsidwa. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atifikitse madzulo. Ndiye mawa lake pa mpopi nkhani n'kukhala ya sewero lomwelo, wina kuikira kumbuyo mkazi, wina mwamuna, ngati ndi anthu a pamzere pathu pomwepa.

Ine: Amayi zimenezi ndikujambulaninso inuyo, musathawe

Mayi aang'ono: Ndipo musaiwale amayi athu. Nthawi zonse tikati mbiri timathamangira kwa abambo. Amayi anavina nawo pa stadium pa 6 Julayi nthawi ya Kamuzu, ankadzuka usiku kukaphunzira nyimbo ndi kavinidwe. Zina amazikumbuka mosangalala, zina ayi, chifukwa sikuti aliyense ankapita mwa kufuna kwake. Apatsidwe nthawi yawo paokha, abambo asawadule pakamwa.

Malume aakulu: Zamveka chemwali. Amayi m'mawa, abambo masana.

Bambo aang'ono: Alamu, pa nkhani ya mpira pokha ndikupempha chilungamo. Apongozi ndi a Bullets, inu nonse ndi a Bullets. Mbiri isatuluke ngati Manoma kunalibe.

Malume a ku Joni: Alamu musadandaule, abambo eniake amanena kuti popanda Wanderers derby sikanakoma. Mudzakhale pafupi muziwakumbutsa za nthawi ya Yamaha Wanderers ndi Limbe Leaf Wanderers, iwo azinena za Bata Bullets.

Malume aakulu: Ine chimene ndikufuna chijambulidwe ndi cha 1978, pamene Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa mpikisano uli konkuno, n'kudzachitetezanso mu 1979. Abambo amasimba mmene anthu ankatsikira wapansi kuchoka ku Ndirande mpaka ku stadium, m'mawa ndithu kuti akapeze malo, ena atanyamula wailesi kuti azionera uku akumvera. Akafika pa Kinnah Phiri amaimirira ndodo ili m'manja. Komanso bwalolo iwo analipeza likutchedwa Rangeley, kenako Kamuzu, kenako Chichiri, n'kubwereranso Kamuzu mu 2004. Munthu mmodzi waona maina onsewo.

Msuweni wa ku Mzuzu: Rangeley?? Sindinamvepo

Mayi aang'ono: Ndiye chifukwa chake tikufuna kujambula

Ine: Za kanema ndiwafunsenso? Anandiuzapo za nyumba ya kanema ya Apollo m'tauni

Amayi: Afunse. Ankavala jekete popita kumeneko. Mavidiyo a m'timashedi ta ku Chinseu anabwera mochedwa, amenewo afotokoza malume ako a ku Joni, ndiwo ankasowa pakhomo Loweruka lonse.

Malume a ku Joni: Ndifotokoza. Komanso masewero a Kwathu ku French Cultural Centre, Izeki ndi Jakobo. Onse awiri anatisiya, a John Nyanga (Izeki) mu 2016, a Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021. Abambo anatitengako ine ndi achimwene, anaseka mpaka misozi. Ndikufuna ndimve ngati akukumbuka tsikulo.

Malume aakulu: Pali ina. Meyi 1992, sitiraka itayambira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead n'kufalikira m'tauni yonse. Abambo anali pa ntchito ku Makata nthawi imeneyo. Chaka chotsatira n'chimene kunachitika referendamu. Adzukulu ayenera kudziwa kuti zinthu zinayambira pakhomo pawo penipeni.

Amayi: Achimwene, apa tiyende bwino. Masiku amenewo anthu anafa, ndipo inu mukudziwa kuti abambo sakonda kuinena. Ine ndimakumbuka amayi ataima pamsewu mpaka mdima kudikira kuti abwera kapena ayi. Tisawafunse pagulu foni ili kumaso.

Malume aakulu: Ndiye tingoisiya? Ikapita nawo sitidzaimvanso.

Amayi: Sindinati tiisiye. Mupite inuyo nokha sabata ino, muwafunse ngati akufuna. Akavomera, adzajambulidwe tsiku lina m'nyumba, anthu awiri basi. Akakana, tawamvera.

Mayi aang'ono: Ndili kumbali ya achemwali.

Malume aakulu: Chabwino, ndipita Lachinayi ndikaweruka.

Bambo aang'ono: Galimoto ilipo yanga. Tingawazungulitse pang'ono, Makata, stadium, n'kubwerera cha ku Chinseu, azilozera okha pamene panali chakuti. Koma tinyamuke m'mawa, Disembala mvula imakonda masana, ndipo miyendo yawo sifuna kukhalitsa.

Msuweni wa ku Mzuzu: Ndibwera ndi kamaikolofoni kokoloweka pa malaya, m'galimoto mawu a foni samveka bwino

Amayi: Amene muli ndi zithunzi zakale fufuzani m'masutikesi. Chemwali, chiphaso cha ntchito cha abambo chija chili kwa iwe eti?

Mayi aang'ono: Chili kuno, ndi chithunzi cha amayi atavala nsalu ya pa stadium. Ndizijambula ndiponye pano madzulo.

Ine: Mafunso ndilemba usiku uno muwaone mawa. Amene ali ndi lake anditumizire kumbali, koma tisachulutse, agogo angatope.

Malume a ku Joni: Langa ndi limodzi, wailesi yoyamba ija anaigula kuti ndipo inathera kwa ndani. Tikiti ya basi ndadula kale, ndifika pa 20.