Ndikufuna kupita ndi mayi anga ku Likoma pa Ilala, kodi maola amene sitima imaima angatikwanire?

Moni nonse pa gulu lino. Funso langa likupita kwa amene munayendapo pa Ilala, makamaka eni ake a ku Likoma ndi anthu a m'mbali mwa nyanja.

Mayi anga ali ndi zaka 76. Anabadwira ku Likoma, anabatizidwa m'tchalitchi cha St Peter's, koma anachokako ali kamtsikana ka zaka 9 pamene bambo awo, omwe anali mphunzitsi wa sukulu za mishoni, anasamutsidwira kumtunda. Chichokereni sanapondekonso. Anakwatiwa ku Kasungu, anatilerera komweko, ndipo chimwalirireni bambo ndikukhala nawo kuno ku Lilongwe. Chaka chino nkhani ya Likoma yakula m'nyumba mwathu. Madzulo akatha kupemphera satseka msanga buku lawo la mapemphero, lija lothothoka chikuto limene amalikulunga m'kansalu. Amaliika pamiyendo n'kuyamba kundiuza za mlambe umene unali kuseri kwa nyumba yawo, za mchenga wotentha umene ankathamangapo popita kotunga madzi, za kulira kwa belu. Sabata yatha anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, ndikaone kwathu maso akadapenya." Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Za ndege ndawerengera, thumba lakana. Ndiye yatsala ndi sitima.

Ndimaganiza kuti tikakwerere ku Nkhotakota poti ndi pafupi ndi kuno. Tikafika ku Likoma titsike pamene sitima ikutsitsa katundu, tipite ku tchalitchi, mayi apemphere, tibwerere m'sitima momwemo mpaka ku Nkhata Bay, kenako basi yobwerera kudzera ku Mzuzu. Ndikatero ndipulumutsa ndalama ya malo ogona komanso masiku a tchuthi kuntchito. Koma mayi mawondo amawavuta, amayenda ndi ndodo. Kodi nthawi imene sitima imaima ingakwane? Nanga munthu wamkulu chonchi angakwere bwanji? Ndiuzeni zoona, ngakhale zikhale zosakoma kumva.

Yankho:
Achemwali, ine ndine wa ku Nkhotakota konkuno ndipo ndikukupemphani, agogowo musabwere nawo kudzakwerera kuno. Sitima siifika kumtunda chifukwa madzi ndi osaya. Imaponya nangula patali, anthu n'kumapita pa maboti. Yopita kumpoto imakonda kufika usiku. Kuti mulowe m'boti mumayamba mwavuula madzi, nthawi zina ofika m'mawondo, nthawi zina m'chiuno, katundu ali pamutu. Mukafika pa sitima, boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde, inu mugwire makwerero mumdima, kumbuyo kwanu anthu akukankhana ndi matumba. Ife tinazolowera, koma munthu wa ndodo ayi. Pitani ku Monkey Bay. Kumeneko sitima imakhala itakocheza padoko, mumalowa ndi mapazi anu dzuwa likuwala.

Yankho:
Ine ndimagula usipa ku zilumbako n'kumakagulitsa ku Mzuzu, sitimayi ndi njira yanga. Funso lanu la maola, mayi, palibe angakuyankheni ndi nambala. Ilala imaima ku Likoma mpaka katundu athe. Ku chilumba minda ndi yochepa, nthaka ndi ya mchenga ndi miyala, ndiye pafupifupi chilichonse chimabwera pamadzi: chimanga, shuga, sopo, simenti, malata, makireti a zakumwa, ngakhale njinga zamoto. Tsiku lina zimatenga maola atatu, tsiku lina mpaka dzuwa kulowa. Katundu akatha imaliza hutala, ndipo siidikira munthu amene ali kumtunda. Ndinaonapo mnyamata akuthamanga mumchenga nsapato zili m'manja, sitima itayamba kale kutembenuka, chikwama chake chili m'katimo. Uyo anali mnyamata. Inu muli ndi agogo, mtima wanu wonse udzakhala pa hutala, iwonso sadzapemphera momasuka.

Yankho:
Mwana wa kwathu, takulandirani musanafike. Ine ndinabadwira ku Likoma, ndipo mawu a mayi anuwo andikhudza kwambiri.

Choyamba, musaope za mapasipoti. Chilumba chathu ndi cha Chizumulu zili m'madzi a Mozambique, mapiri a ku Cobué mumawaona pafupi ngati mungawakhudze, koma ndi Malawi, boma lake palokha. Chitupa cha unzika chikukwanirani.

Chachiwiri, kuchokera kunyanja kukafika ku tchalitchi si kutali kwa munthu wamphamvu, koma ndi chitunda, ndipo dzuwa la kwathu silichita manyazi. Njinga zamoto za kabaza zilipo, magalimoto ndi ochepa, choncho pezani wina akukonzereni galimoto musanafike. Zaka zapitazi anatimangira jeti, komabe pogula tikiti funsani ngati sabata imeneyo sitima ikukocheza pa jetipo kapena anthu akutsikira pa maboti, kuti mukonzeke.

Koma chachikulu ndi ichi. Tchalitchi chimene mayi anu akuchilota si cholowa n'kutuluka. Anayamba kumanga mu 1903, anachipatula mu 1911, ndipo njerwa ndi miyala yake anasenza ndi manja ndi makolo athu, mwina ndi agogo a mayi anu omwe. Malowo amatchedwa Chipyela chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, amishoni a UMCA, bungwe la mpingo wa Anglican, atafika m'zaka za m'ma 1880 anasankha pomwepo kuti pakhale nyumba ya Mulungu. Mukalowa masana mupeza muli zii, kuwala kukudutsa m'magalasi amitundumitundu, mipando yosema pamwala ili phee. Ndi zokongola, inde. Koma Lamulungu m'mawa, anthu atadzaza, nyimbo zikuyankhana ndi denga lija, ndi pamene munthu wobatizidwa mmenemo amadziwa kuti wafika kwawo.

Ndipo ndondomeko ya sitima ikukukomerani. Mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, imafika kwathu Loweruka, n'kupitirira ku Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe mpaka ku Chilumba. Pobwerera imatipeza usiku wa Lolemba kapena m'bandakucha wa Lachiwiri, Lachitatu ili ku Monkey Bay. Ndiye kuti mukatsika Loweruka muli ndi Lamulungu lonse ndi Lolemba. Mukatha Misa musathamangire kogona. Khalani panja ndi azimayi achikulire, mayi anu atchule dzina la bambo awo ndi mudzi wawo. Chilumba ndi chaching'ono, kuchoka nsonga ina kufika ina ndi makilomita 8 okha, mabanja amadziwana. Mudzadabwa wina akunena kuti "mwana wa aphunzitsi uja ndiwe?" Kapempheninso ku ofesi ya tchalitchi ngati angakuonetseni mabuku akale a ubatizo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera mayi zimene mwalemba bambo a ku Likoma, atamva dzina loti Chipyela anandiimitsa, analibwereza kawiri, misozi ili m'maso. Za Nkhotakota ndazisiya, zothamangira hutala ndazisiyanso. Tchuthi changa ndinapempha cha mu Juni. Kodi nthawi imeneyo ili bwino?

Yankho:
Juni ayi mayi, ngati n'kotheka sinthani. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imayenda utali wonse wa nyanja popanda choitchinga. Ikauka, mafunde amakula ngati zitunda, mbale zimatsetsereka patebulo, ngakhale amuna ozolowera amagwira ndowa. Amene anakulira kunyanja amaulemekeza mwera. Sitima ya Vipya inamira mu Julaye 1946 kumpoto kwa nyanjayi chifukwa cha mphepo, anthu 145 anatsikira kuli chete. Sindikukuopsezani. Ilala anaipangira ku Scotland, anaibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, yaona miyera yambiri. Koma munthu wa zaka 76 kusanza usiku wonse afika atafooka, Lamulungu lija alithera pamphasa. Kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala nyanja imagona. Kumatentha, koma kutentha mungakuthawire pamthunzi wa mango.

Pa tikiti musaumire. Pansi pa ekonome ndi potsika mtengo, koma mumakhala pakati pa matumba ndi madengu a nsomba, malo otambasula miyendo mulibe. Pamwamba pa sitima mphepo ndi yabwino, koma mumagona pamtetete ndipo masitepe ndi ambiri. Agogowo apezereni kabini, bedi ndi chimbudzi zikhale pafupi. Makabini ndi ochepa, sungitsani kudakali milungu ingapo.

Yankho:
Ndine namwino, ndiwonjezere pang'ono. Mankhwala awo a masiku onse mutenge opitirira masiku a ulendo, chifukwa sitima ikachedwa ndi mphepo mulibe kochitira. Muwasunge m'chikwama cha m'manja, m'pulasitiki. Musananyamuke afunseni adokotala awo za mankhwala oletsa nseru, ena amagonetsa ndipo sagwirizana ndi a BP. Tengani neti, malungo kunyanja ndi ambiri. Chipatala cha mishoni chilipo pafupi ndi tchalitchi pomwepo. Akafuna kuponda m'nyanja ya kwawo musawaletse, koma sankhani pamchenga poyera, osati m'mabango momwe mumakhala nkhono za likodzo.

Yankho:
Ine ndisiyane pang'ono ndi anzangawa. Kuchoka ku Monkey Bay kufika ku Likoma ndi usana, usiku ndi usana wina pamadzi. Kuchokera ku Nkhata Bay mumakwera Lolemba madzulo, kukamacha muli pa chilumba, n'kudzabwerera Loweruka. Kwa munthu wamkulu ulendo waufupiwo ndi wopepuka. Vuto lake ndi limodzi, mulibe Lamulungu m'katimo. Ndiye musankhe nokha pakati pa kutopa ndi Misa. Ndalama tengani zogwirika. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira, koma kwa mayi wogulitsa batala wowotcha ndi kondowole kumsika wa Mbamba mufunika za m'manja.

Wofunsa:
Ndawafunsa mayi kuti asankhe okha. Sanaganize n'komwe, akuti anadikira zaka 67, usiku umodzi wa pamadzi suwaopsa, koma akufuna akalandire Mgonero m'tchalitchi chimene anabatizidwiramo. Ndiye tidzera ku Monkey Bay, tikagona komweko Lachinayi. Mawa ndikapempha abwana kuti tchuthi chisunthire ku Okutobala, ndipo mchimwene wanga wavomera kupita nafe kuti tikhale awiri owagwira pokwera ndi potsika. Bambo a ku Likoma, chonde ndiuzeni malo ogona amene ali pafupi ndi tchalitchi, osafuna kukwera chitunda m'mawa wa Lamulungu, komanso nthawi imene Misa yoyamba imayamba. Mayi akufunsanso ngati milambe ya kumtunda kwa msika ikadalipo.