Kodi matepi akale a vidiyo ndingawasamutsire bwanji pa kompyuta popanda kuwononga ndalama zambiri?

Mwana wachisamba analemba kuti:

Moni nonse. Bambo anga atamwalira, tinapeza katoni ya matepi 23 m'kabati mwawo. Matepi 14 ndi a VHS, asanu ndi aang'ono olembedwa VHS-C, awiri ndi a Hi8, ndipo awiri otsalawo ndi a MiniDV. Mwa zina, muli ukwati wa makolo athu komanso mawu a agogo athu aakazi, amene adzukulu ambiri sanawaone ndi maso. Makina oonetsera matepi anawonongeka kalekale, ndipo amene amagwira ntchito yosamutsayi amalipiritsa tepi iliyonse payokha, moti nditawerengetsera ndaona kuti sindingakwanitse. Ndili ndi laputopu, ndipo ndaona kachipangizo kotchipa ka USB kamene akuti kamalowetsa vidiyo mu kompyuta. Kodi kachipangizo kameneka n'kokwanira, kapena pali zinanso zimene ndiyenera kufufuza ndisanatulutse ndalama?

Wokonza mawailesi anayankha kuti:

Pepani ndi maliro, mayi. Kachipangizo mukunenako sikawerenga tepi ayi. Ntchito yake ndi kulandira chithunzi chochokera m'makina oonetsera n'kuchisandutsa fayilo, choncho ngati makinawo akutulutsa chithunzi chonjenjemera, fayilonso idzanjenjemera mpaka kalekale. N'chifukwa chake ndalama zochepa zimene muli nazo zipite kaye ku VCR (makina oonetsera matepi a VHS) yabwino, kachipangizoko kabwere pambuyo. Yatsopano simungaipeze, pakuti Funai, kampani yomaliza imene inkapanga makina amenewa, inasiya mu 2016. Mubwereke kapena mugule yogwiritsidwapo kale ntchito, koma musalipire musanaione ikuonetsa tepi, ikubweza, ndi kuitulutsa bwinobwino osaitafuna.

Matepi anu ali m'magulu atatu. A VHS-C mkati mwake muli tepi yofanana ndi ya VHS, ndipo amangofuna kaseti yaikulu yopanda kanthu, yotchedwa adapter, imene mumaikamo kakang'onoko n'kulowetsa mu VCR yomweyo. A Hi8 sangalowe mu VCR ngakhale mutatani, ndipo aliyense wokugulitsani adapter ya Hi8 akukunamizani. Amenewo amafuna kamera yake. A MiniDV ndi nkhani ina. Mtundu umenewu unayamba mu 1995 ndipo zojambulidwamo ndi za digito kale, moti mukapeza kamera ya MiniDV ndi kompyuta yokhala ndi polumikizira pa FireWire, mumangokopera popanda kutaya kanthu, ola limodzi n'kudya malo okwana pafupifupi 13 GB. Malaputopu a masiku ano alibe polumikizira pamenepa, ndipo zingwe zotchipa zimene amati zimasandutsa FireWire kukhala USB sizigwira ntchito.

Muonetsetsenso ngati matepiwo anajambulidwa mu PAL kapena mu NTSC, zomwe ndi njira ziwiri za kajambulidwe ka vidiyo ya pa TV, chifukwa VCR ndi pulogalamu yojambulira ziyenera kugwirizana nawo. PAL imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi ndipo kukula kwa chithunzi mu pulogalamuyo muike pa 720x576, pamene NTSC imaonetsa 29.97 ndipo mujambule pa 720x480. Mukasokoneza, chithunzi chimatuluka chopanda mtundu kapena chimangoyendayenda. Kalumikizidwe sikovuta: chingwe chachikasu ndi cha chithunzi, chofiira ndi choyera ndi za mawu. Pulogalamu yojambulira pa kompyuta ya OBS Studio ndi yaulere ndipo imakwanira.

Wosunga zakale anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi bambo amene ayankha pamwambapa, koma ndionjezere zimene zinandionekera ine. Nditabwereka VCR kwa mlamu wanga, ndinalowetsa tepi yoyamba imene dzanja langa linakhudza, osaiyang'ana n'komwe. Kwa mphindi ziwiri chithunzi chinali bwino, kenako chinayamba kuchita mizeremizere, mapeto ake sikirini yonse inangoti mbuu. Nditatulutsa tepiyo n'kuiunika pazenera, ndinaona timadontho toyera ngati ufa m'mphepete mwa mpukutu, kuseri kwa kagalasi kapulasitiki kaja. Chinali chuku, chifukwa katoniyo inakhala zaka zambiri pamalo a chinyontho. Chukucho chinamata pamitu yowerengera tepi, ndipo tepi yachiwiri, imene inalibe vuto, nayonso inatuluka itadetsedwa.

Choncho mayi, musanalowetse kalikonse, muunike tepi iliyonse pamalo owala, ndipo yooneka ndi chuku muiike payokha. Matepi oterowo ndi amene muyenera kulipirira akatswiri, osati onse 23. Muthyolenso kachidutswa kapulasitiki kamene kali kumsana kwa kaseti ya VHS, chifukwa kakachoka makina amakana kujambula, ndipo ngakhale mwana atadina batani lofiira ukwati wa makolo anu sungafufutike. Mitu ikada, ipukuteni ndi mankhwala amadzi opukutira zipangizo otchedwa isopropyl alcohol pa kapepala koyera, mukuzunguza pang'onopang'ono ndi chala ng'oma yonyezimira ya m'kati mwa VCR pamene pali mituyo. Thonje ayi, chifukwa limakola pamitu n'kuithyola.

Kumbukiraninso kuti ntchitoyi ilibe chidule. Kaseti ya E-180 ikakhala yodzaza, mudzaidikira maola atatu athunthu. Ine ndinayamba ndi matepi amene munali anthu omwe anatisiya, ndipo amene munali mapulogalamu ojambulidwa pa TV sindinavutike nawo.

Mphunzitsi wopuma anayankha kuti:

Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono pa nkhani ya kachipangizo ka USB. Tambiri totchipa kwambiri timataya zithunzi zina tepi ikakhala yotopa, ndipo zotsatira zake n'zakuti pakatha ola limodzi milomo imayenda payokha, mawu n'kumabwera pambuyo. Akatswiri amathetsa vutoli ndi makina otchedwa time base corrector, amene amawongola chithunzi chisanafike ku kompyuta, koma mtengo wake si wa munthu amene akuwerengera ndalama. Ngati mungapeze DVD recorder yakale, mukhoza kujambula molunjika kuchokera mu VCR, n'kukopera mafayilowo pa kompyuta pambuyo pake. Chimbale cha DVD cha 4.7 GB chimalowa maola awiri mukasankha kajambulidwe kotchedwa SP, ndipo musakakamize kuti mulowe maola anayi kapena asanu ndi limodzi chifukwa nkhope za anthu zimasanduka timabokosi. Njira imeneyi si yapamwamba, koma mawu ndi chithunzi zimayendera limodzi.

Pa matepi a Hi8 aja, funsani kwa achibale ngati wina anasunga kamera ya Sony ya Digital8. Zambiri mwa izo zimawerenganso Video8 ndi Hi8 n'kutulutsa vidiyoyo pa FireWire, ngakhale kuti si zonse, ndiye muone kaye buku la kamerayo.

Mukamaliza, fayilo yoyambirira muisunge momwe ilili, ndipo ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake mupange ina yaing'ono ya MP4 yotumizira achibale. Mukhale ndi makope atatu, imodzi ikhale kunyumba ina, ndipo matepiwo musataye.

Mwana wachisamba analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndaunika matepi aja monga mwandilangizira, ndipo awiri a VHS ndawapeza ndi timadontho toyera, imodzi mwa iwo ndi ya agogo ija. Ndawaika m'thumba lawolawo. Kodi ndingawapukute kunja ndi kansalu kuti ndiyese kuonetsa kamodzi kokha?

Wosunga zakale anayankhanso kuti:

Ayi mayi, musayese. Chuku chimene mukuchiona m'mphepetecho chalowa kale pakati pa mpukutu, ndipo nthawi zina chimamatitsa tepi moti makina akaikoka imaduka. Asungeni pamalo ouma, kutali ndi dzuwa, ndipo mukapita nawo kwa katswiri mumufunse kaye ngati ali ndi makina otsukira matepi musanamusiyire.